Makwinya wa ku Kaphatenga

Anabwera pa kabaza, m'katoni ya sopo,
tsiku limene abwana a ku loji ya ku Senga Bay
analongedza kubwerera kwawo.
Ena anawasiyira filiji, ena njinga.
Ine, nditathirira maluwa awo zaka zisanu ndi zinayi,
anandisiyira galu
wa nkhope yonga yamenyedwa ndi chitseko.

"Ndi buludogi," ndinatero pakhomo,
ngati ndikutchula udindo wa ku boma.
Amake Lonjezo anamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo,
ulendo wake si wautali,
n'kufunsa: "Nanga mchira watsala m'katonimo?"
Ana anamutcha Makwinya.
Dzina lake lakale linatikanika lilime.

Sauwa.
Usiku wina akuba anayalula zovala pachingwe, ndowa yomwe,
iye ali mkonono pakhonde
ngati chigayo cha dizilo cha a Mpinganjira.
Agalu a anzathu amapirikitsa mbuzi, amadzisakira okha.
Wathuyu akafika pa mjigo watopa,
amakhala pansi n'kumandiyang'ana,
ndipo ine, bambo wa ana atatu,
ndimamusenza ngati thumba la feteleza,
anyamata a pa bawo akuseka mpaka kumwaza nkhomo.

M'mawa, ndisanamwe tiyi,
ndimamupukuta nkhope ndi kansalu konyowa,
khwinya ndi khwinya, monga wopalira mizere.
Ndikaiwala masiku awiri, zilonda.
Madeya ophika, nyenyeswa za usipa,
mafupa ochita kupempha ku butchala Loweruka.
Katemera wa chiwewe ndinalipira mwezi womwe
nsapato za Ulemu zinayasama kutsogolo.
Mlandu umenewo m'nyumba muno sunathe.

Kenako Okutobala.
Dzuwa la ku Salima silifunsa kuti unabadwira kuti.
Malata akulira okha,
magetsi atathima kuyambira m'bandakucha,
ndinamupeza kuseri kwa bafa, lilime litada,
mpweya ukulowa ngati m'paipi yotsekeka.
Ndinamuthira madzi a mumgolo,
koma nawonso anali ofunda ngati osamba wodwala.
Lonjezo analira mpaka mawu kudumpha mpanda.

Ndi pamene anatulukira Abiti Saizi,
iwo amene sakhudza galu,
amene amakokera chitenje pambali akamadutsa pathu
kuopa dovu lake.
Ananyamula kulaboksi ya geni yawo,
mafilizesi makumi anayi, ozizirabe,
anaitula pafupi ndi bafa, n'kubwerera mapazi atatu.
"Kulungani m'nsalu. M'khwapa ndi pamimba. Changu!
Za ndalama tikamba akadzuka."

Nsalu inali chitenje chachisoni ayi, chaukwati
cha amake Lonjezo, amene anachivula okha pachingwe
osandiyang'ana.
A malambe, a bwemba, ofiira aja ana amalimbirana,
tinamuzinga nawo onse.
Limodzi linaphulika, chifuwa chake n'kufiira
ngati wapita ku ndewu imene sanamenyepo m'moyo mwake.

Cha m'ma folo anayetsemula.
Anadzuka miyendo ikunjenjemera,
ananyambita dothi lotsekemera,
n'kukagona pa phazi la Ulemu,
pomwe paja nsapato inayasama.

Ngongole ndikubwezabe, pang'onopang'ono.
Abiti Saizi amalandira ndalama pamwamba pa mpanda,
amawerenga kawiri,
ndiye amafunsa, maso ali kwina:
"Odwala aja adya?"

Tsopano masana amagona pa chiguduli chonyowa pansi pa mtondo? Ayi,
tilibe mtondo, ndi mpoza wowonda,
koma mthunzi wake ndi wa iye yekha, nkhuku zikudziwa.
Sanagwirepo mbava. Sadzagwira.
Chimene amalondera sindingachitchule dzina.
Ndikudziwa chabe kuti pakati pa usiku
chigayo chija chikangoti zii,
tonse asanu timadzidzimuka,
aliyense pa mphasa yake, makutu tcheru mumdima,
mpaka chitalizanso.