Loko Wobwereka

Ku Gdańsk chipale chofewa chikugwera pa doko.
Wiesława watsegula fayilo ya malipiro,
seva ya m'chipinda chozizira yamunong'oneza:
"Palibe wina akuifuna. Tenga, sunga kwako,
lemba osandifunsa."

Koma chobwereka sagona nacho.

Folo koloko, pansanjika yachitatu,
Bogumił wagogoda pa fayilo yomweyo.
Seva yaitana: "Bweza loko,
bweretsa zonse walembazo."
Kuli zii.
Wiesława wapinda kale laputopu,
ali m'sitima ya mumsewu, akusinza,
malipiro a anthu makumi anayi ali m'chikwama
pamodzi ndi buledi.

Seva yawerenga masekondi makumi atatu ndi asanu,
yataya mtima, yathyola loko.
Bogumił waona manambala a dzulo,
wapukuta magalasi,
wasaina.