Masekondi Awiri

Lachisanu madzulo tinachotsa magalasi,
keliyala, ndi khushoni ya makasitomala.
Njinga inatsala yowonda ngati galu wosaka.
Mulaviwa anadula chivundikiro cha ndowa
n'kulembapo 17 ndi penti wotsala pachitseko,
ine ndikuwerengera chamumtima ngongole ya banki mkhonde:
kwatsala miyezi isanu,
ndipo tayala lakutsogololo n'langa,
ndinagula ndi ndalama ya zinanazi.

"Achemwali, musaope."
Sindinayankhe. Ndinakunga tcheni.

Loweruka,
kamsewu kaphula kozungulira minda ya tiyi
anakatseka ndi zingwe
ndi matayala akutha, ounjikidwa pa kona iliyonse.
Anabwera khumi ndi anayi:
mphunzitsi wa ku Luchenza pa njinga yobwereka,
makaniki wa pa Chitakale wopanda chala chimodzi,
Esinati Nahache, namwino,
chipewa chake chomata ndi selotepi,
otsalawo akabaza okhaokha,
ofuna kudziwa kamodzi kokha
kuti njinga imalankhula chiyani ikakhala yopanda thumba la chimanga.

Ine anandipatsa foni ndi kope.
Ntchito yanga: kudina akamadutsa.
Mtima kudina kale chala chisanadine.

Kona yachitatu anaitcha Kwa Apongozi,
poti sufikapo mothamanga,
umawerama, bondo pafupi ndi nthaka,
n'kuchokapo mwaulemu.
Mphunzitsi sanapereke ulemu.
Tinam'zula m'tiyi, masamba m'kamwa,
akufunsa ngati wotchi yake ili moyo.

Usiku tinagona pansi pa lona,
fungo la petulo ndi kalongonda wa m'poto ya Esinati.
Mchimwene wanga anagona atakumbatira pulagi
m'thumba la malaya, kuti isazizidwe.

Lamulungu kunadzuka chiperoni.
Phiri linasowa. Tiyi anasowa.
Kunatsala mawu okha,
injini zikutsokomola m'nkhungu ngati wodi ya chifuwa.
Tinadikira mpaka teni koloko,
phula litayamba kufuka nthunzi,
Sapitwa atasuzumira ndi diso limodzi.

Mbendera inagwa.
Phokoso linandilowa m'mano.

Kuzungulira koyamba, wachisanu.
Kwachinayi, wachiwiri,
atamatirira kumbuyo kwa Esinati ngati chisoso pa chitenje.
Kwachisanu ndi chimodzi anam'dutsa chamkati,
ndipo ndinaiwala tayala langa,
ndinaiwala amayi a banki mkhonde ndi kabuku kawo,
ndinakuwa dzina limene amayi ankamuitanira ali wakhanda,
kope lili pansi m'matope.

Kenako, pomaliza penipeni,
mzere woyera ukuoneka,
mayi wina kuseri kwa chingwe,
dengu pamutu,
anakweza dzanja kuitana mwana wake.

Zaka zinayi za kabaza zili m'dzanja lamanja.
Dzanjalo silinafunse mutu.
Linabweza moto.

Pang'ono chabe, ngati kuphethira.
Esinati anadutsa ngati mphepo ya pa Likhubula.

Ndinadina.
Masekondi awiri.

Anavula chipewa, nkhope ili mbuu,
anayang'ana mayi uja, anayang'ana dzanja lake,
n'kuyamba kuseka,
kuseka kogwira mawondo, misozi kusakanikirana ndi oyilo.
Esinati anapambana botolo la oyilo ndi tambala wamoyo.
Tambalayo anam'mangirira pa njinga yathu:
"Kasitomala wako uja ndi uyu."

Lolemba m'mamawa tinabwezera magalasi,
keliyala, khushoni.
Nambala 17 ndinaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko.
Anandikweza ndi zinanazi zanga, wa ku Limbuli,
pang'onopang'ono, mwa malamulo,
kupatsa moni apolisi.

Koma pa kona ya kutsidya kwa mlatho
ndinamva msana wake ukupendekeka,
bondo likufunafuna nthaka.
Ndinayenera kumumenya paphewa.

Ndinakumbatira dengu,
n'kupendekeka naye.