Zitseko za Mwezi wa Okutobala

Ndagogoda zitseko zikwi ziwiri ndi khumi ndi zinayi.
Ndikudziwa poti Arlen amazilemba
m'kabuku kake ka mafuta a thilakitala.
Agalu atatu anding'ambira thalauza,
mmodzi yekha ndiye anafika pamnofu.

Sindinabadwire zimenezi ine.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikugulitsa misomali,
waya wa mpanda, mchere wonyambita ng'ombe,
mpaka tsiku lomwe Mayi Unruh, amasiye,
anayala kalata ya msonkho wa malo pakauntala yanga
ngati uthenga wa maliro.
"Verlene, tawerenga iwe, maso angawa akunama."
Maso awo sankanama.

Lachitatu lake m'chipinda chapansi pa tchalitchi
tinalipo asanu ndi anayi ndi khofi wozizira.
Aliyense ankati wina apite ku Topeka,
wina akatiyankhulire m'nyumba ya malamulo.
Kenaka onse anacheukira kwa ine,
pomwe ndinangoimirira kukatseka zenera.

Pakhomo sindichulutsa gaga m'diwa:
boma lichotseko dzanja m'thumba mwathu,
sukulu izimvera makolo,
munda umene bambo anasiya
usagulitsidwe kuti mwana alipire msonkho.
Ena amavomera ndi mutu.
Ena amafuna tikangane za ku Washington,
ndimati ayi, kumeneko n'kutali,
ine ndabwerera mlatho uja
umene basi ya ana imawoloka mopemphera.
Wina anandiyankha pawindo, chitseko osatsegula.

Dzulo mvula inandipeza pakhomo la a Dirksen,
amene anandiphunzitsa masamu ndili mtsikana.
Chikwangwani cha mnzanga wopikisana naye
chili njo pakapinga pawo.
"Voti yanga suiona," anatero,
"koma lowa, nsapato zako zanyowa."
Anandithirira tiyi, nandifunsa
ndi mawu omwe aja a m'kalasi:
"Ukadula msonkho, chipatala chathu chidya chiyani?
Mkazi wanga anatsirizikira mmenemo,
osati pamsewu wopita ku Wichita."
Ndinasanthula kapepala kanga konse ka kampeni.
Yankho munalibe.
Ndinalemba funsolo pachikhatho ndi bolopeni yawo.

Mphepo ya Kansas ilibe chipani.
Usiku uliwonse imagwetsa dzina langa m'mbali mwa msewu,
m'mamawa Arlen amalidzutsa ndi hamala,
nthawi zina amadzutsanso la mnzathu uja
akaona kuti palibe akumuona.

Lachiwiri anthu akaponya mavoti
muholo momwe timagulitsira makeke a sukulu.
Mwina ndipita ku Topeka,
mwina ndibwerera kukayeza misomali pasikelo.
Ndasamba m'manja katatu chichokereni kwa a Dirksen,
inki ikuonekabe m'mizere ya chikhatho,
ndipo kwatsala misewu isanu ndi umodzi
kuseri kwa nkhokwe za tirigu.