Njere za Bwemba M'zitini

Ndine msungichuma wa komiti ya pa Benga.
Sikuti masamu ndimawadziwa kuposa anzanga,
kungoti ndili ndi kabati ya loko.

Ndalama zinalowa pa foni Lachiwiri,
zikwi mazana asanu ndi anayi,
ndi uthenga waufupi: Gawani nokha, mukudziwa ndinu.
Tinayang'anana.
Tinazolowera alendo a galimoto zoyera
ofika atadziwa kale pomwe pakutiwawa,
otipatsa mankhwala a mutu
pamene chikutisowetsa tulo ndi dzino.

Tinakumana m'kalasi ya ana aang'ono,
mabenchi otsika, mawondo kufika kuchibwano.
Patebulo zitini zitatu zamkaka.
Aliyense wobwera, wamkulu kaya mwana wasukulu,
njere zisanu za bwemba m'manja.

Chitini choyamba cha Asiyatu ndi atsikana a ntchemberembaye:
akufuna mapolo achitsulo,
a bulugama chiswe chimadya chaka ndi chaka.
Chachiwiri cha mayi Nanthambwe: makina osokera awiri,
anyamata aleke kukhala pamsewu kuwerenga malole.
Chachitatu cha a Chikakuda,
amene anadula nzimbe ku Dwangwa zaka makumi awiri
mpaka msana unapindika ngati chikwakwa chawo chomwe.
Iwo akufuna zikopa za ng'oma, zikho za malipenga,
malaya oyera ndi masokosi ofika m'mawondo,
mganda udzukenso.
Wina kumbuyo anati, Kodi mganda amadya?
Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, ndisaname.

Kenako anaimirira Lifeyo.
Mwanayu sanalankhule chichokereni mvula ya chaka chatha,
tsiku lomwe anapeza mkulu wake
mumtengo wa mango kuseri kwa dimba,
ngongole ya katapila ili m'thumba la kabudula.
Mkulu wakeyo ndiye ankaliza lipenga kumaliro ndi kuukwati,
yekhayekha, opanda gulu.
Lifeyo anayenda pakati pa mabenchi,
natsanulira zisanu zonse m'chitini chachitatu.
Ngwe, ngwe, ngwe, ngwe, ngwe.
Mayi ake anatsatira, nsalu ili kukamwa.
Woseka uja anaponya ziwiri, akuyang'ana kudenga.

Ndinawerenga kawiri, Asiyatu akundiyang'ana zala.
Mganda unapambana ndi njere zisanu ndi ziwiri.
Atsikana anayamba kutuluka mwakachetechete,
a Chikakuda nati, Taimani.
Masokosi tikabwereka kwa ana akwaya.
Ya masokosiyo gulani mapolo.
Makina sanatheke. Mayi Nanthambwe sanandipatse moni
mwezi wathunthu, ndipo sindiwadzudzula.

Tsopano fomu ya lipoti ili apa.
Opindula ndi angati? Ndalemba makumi atatu ndi anayi.
Malisiti? Wopha mbuzi sadziwa kulemba,
anadinda chala chonona pa pepala la kope,
mpaka lero likununkha chikopa.
Zotsatira zake? Pomwe andisiyira kuti ndiyankhe
ndi kabokosi kochepa ngati ka machesi.

Ndilembemo chiyani?
Kuti Loweruka lililonse fumbi limakwera kubwalo lasukulu,
nkhalamba ikukalipira ana osadziwa kuponda mwendo wakumanzere?
Kuti zikho zitatu zinasweka sabata yoyamba?
Kuti Lifeyo amafufuma masaya,
lipenga nkulira mosasa ngati mwanawang'ombe wosochera,
mayi ake ataima patali ndi ndowa pamutu, osafuna kuti awaone?
Kapena za dzulo,
pamene anafika pa okala yanga, nayang'ana pansi nthawi yaitali,
kenako nati, Mchere ndi zingati?
Ndinayankha mtengo wolakwika.
Manja ankanjenjemera pomanga kapepala.

M'kabokosimo ndalemba kuti: Zikuyenda.

Zatsala zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Zili m'kabati, pansi pa malisiti,
pamodzi ndi njere zonse zija m'jumbo yashuga.
Mayi Nanthambwe anabwera m'mawa kudzaziona
ngati zilipo zokwanira chaka chamawa.
Anaziyeza m'manja, nandiuza kuti ndizisamale ku anankafumbwe.