Chikhatho Changa Chikukudziwabe

Dzulo anapachika malaya ako, Nemesio,
nambala 41, pakhoma la bwalo la ku San Pedro.
Oimba malipenga anachita kutupa masaya,
bwana wina analankhula mpaka dzuwa linatopa naye,
iwe utaima pakachulu paja ndi jekete yothina,
mkono wamanja uli m'thumba ngati mlendo wamanyazi.

Anawerenga manambala.
Angati unawatulutsa, kangati unapambana,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za bezibo.
Manambala alibe thukuta.
Ine ndinkanjuta kumbuyo kwa womenya, kuwakha moto wako,
ndiye pali zina zimene sanawerenge.

Sanawerenge chala changa chamkombaphala ichi,
chimene chimaloza ku Haiti ndikamaloza kunyanja.
Unachithyola ndiwe, m'chaka cha mphepo yamkuntho,
sunapepese, unangondigulira mowa.

Sanawerenge lalanje louma lokulunga m'sokosi,
golovesi ya katoni ya mkaka,
chibonga cha nthambi ya gwafa,
ife awiri pambali pa njanji ya nzimbe
fakitale ikulavula mwaye pazovala zoyanika,
amayi ako a Casilda akukalipa
kuti sokosi za abambo zatha kukhala zosakwatiwa.
Unkagenda mango amene wawatchula dzina,
la pamwamba penipeni, lofiira tsaya limodzi.

Chala chimodzi: mphezi.
Zala ziwiri: uja wokhota,
wobwera molunjika ngati munthu wodzabweza ngongole
n'kungopatuka pakhomo penipeni.
Unkapukusa mutu, kukana,
ndikakupatsanso chomwecho n'kuvomera,
ngati nzeruyo yachokera kwa iwe.

Usiku uja ku Santiago,
gawo lachisanu ndi chinayi, adani atadzaza ngodya zonse zitatu,
anthu akuguguda zitini, bwalo likunjenjemera,
ndinayenda kudzakulimbitsa mtima.
Unabisa pakamwa ndi golovesi n'kundifunsa:
"Porfirio, nkhumba ija inabereka angati?"
Ndinati asanu ndi awiri.
Unati, "Bwerera."
Katatu basi. Chibonga sichinakhudze ngakhale fungo.

Tsono tsiku limene chigongono chinati thyo!
Wailesi sinamve. Woyimbira sanamve.
Ndinamva ndine, pakuti mpira unafika m'dzanja langa
wofewa ngati buledi wa m'mawa.
Madokotala a ku Miami anabwereka mtsempha kumwendo,
anasoka, anati pita.
Unapita. Zaka zina zitatu.
Tiana tobadwa iwe utamera kale ndevu
tinayamba kuutumiza kuseri kwa mpanda,
kukagwera pamalata a anthu osalakwa.
Pakamwa pomwe pankaimba dzina lako panakukuwiza.
Unkavulabe chipewa potuluka.
Sindinamvetse, mpaka lero.

Pano uli ndi kagolosale pangodya ya msewu,
mpunga, sopo, mafuta oyeza m'kabotolo,
madomino akulira patebulo mpaka usiku.
Tsitsi umapesa ndi lamanzere.
Chitini cha pashelefu yapamwamba amakutsitsira ndi mdzukulu.
Alendo akafunsa ngati ndiwe yemwe uja
umati, "Ameneyo anasamuka,"
n'kuwapatsa chenje.

Koma dzulo, malipenga atalowa m'mabokosi,
osesa akutola makapu, nyali zikuzima imodziimodzi,
unavula jekete n'kunena, "Tanjuta."
Mawondo anga anakana, ndinavundikira ndowa n'kukhalapo.
Ndinatsitsa chala chimodzi.
Unapukusa mutu.
Ndinatsitsanso chomwecho.
Unakweza mwendo, pang'ono, ngati wolumpha kangalande,
ndipo mpira unabwera, ulusi wofiira ukuoneka wonse,
unadunda kawiri pafumbi usanandipeze.

Ndinakutumula dzanja ngati landiotcha.

"Wabodza iwe," unatero, ukusisita phewa.
Mlonda anagwedeza makiyi pachipata.
Unayang'ana khoma, malaya aja akupepeluka okha mumdima,
kenako unatambasula chikhatho:
"Tabweretsa. Kamodzi kokha."