Mphete M'thumba

Lachinayi lija unkasita bulauzi ya Mvano,
simbi ikadali yotentha
pamene mawu anakuthawa pakamwa, Esinati.

Ku Sentolo namwino anakuvula mphete,
ati chala chatupa.
Ndimayenda nayo m'thumba la shati
pamodzi ndi chenji ya minibasi ya ku Kawale.

"Pamtendere ndi pamavuto,"
ndinavomera ndikumwetulira, suti yobwereka ikundithina.
Sindinkadziwa kuti ankanena supuni ya phala iyi,
ndi chipeso m'dzanja langa losazolowera.

Usiku ndimakangana naye Mulungu pakhonde la wodi.
Sayankha. Sachokanso.

Lero wandifinya chala kawiri
nditaphonya vesi la Salimo.
Ukadandikonzabe, mkazi iwe!
Ameni wanga ndi ameneyo.