Zaka za Bambo, M'zidutswa

Bambo anasiya makope khumi ndi anayi
m'sutikesi yamalata, pansi pa bedi ku Chamama.
Mvula yonse imene inagwa pamunda wathu ilimo,
tsiku lowokera, tsiku limene fodya analowa m'chigafa,
mtengo wa fetereza, ng'ombe imene inathyoka mwendo pamlatho.
Ndinawataipa miyezi isanu, usiku ana atagona,
zonse m'fayilo imodzi
yaitali ngati msewu wa ku Mtunthama nthawi ya fumbi.

Achimwene ku Joni akufuna chaka chimene anabadwa.
Achemwali akufuna cha ukwati wawo basi.
Aliyense akufuna bambo akeake.

Tsilizani, amene ndinamuphunzitsa sitandade sikisi,
ali ndi kashopu kosindikizira kuseri kwa depoti pa Kasungu.
Anati, Madamu, musadule pamanja, mudzakalamba.
Anatsegula zenera lakuda, lopanda chithunzi,
kamzere koyera kakuphethira pakona ngati chiphaniphani.
Kuno sitiloza ndi chala, anatero. Timalankhula.

Analemba csplit, kenako dzina la fayilo,
n'kundicheukira:
Kodi agogowo chaka ankachiyamba bwanji?
Ndinati ndi liwu limodzi, la zilembo zikuluzikulu,
CHAKA, kenako nambala.
Sanaphonyepo, ngakhale dzanja litayamba kunjenjemera.
Tidula pomwepo, anatero.
Paliponse pamene liwulo laima kumayambiriro kwa mzere
mpeni ugwa.
Anawonjezera kanyenyezi pakati pa timipanda tiwiri topindika,
ndiko kunena kuti, bwereza, usafunse, mpaka kumapeto.

Anadina.
Miyezi yanga isanu inadukaduka ndisanameze malovu.

Manambala anatsika pagalasi, ina pansi pa inzake,
kulemera kwa chidutswa chilichonse,
ngati kalaliki akuwerenga mabelo ku okushoni.
Chidutswa choyamba, xx00, chinali chakunja kwa zaka,
mawu a pachikuto:
Kope la Gilibati Kamphinda. Wolitola abweze.
Tinaseka tonse awiri.
Kenako 9412, 11030, 8775,
zaka zonenepa, zaka zimene bambo anali ndi zonena,
anakangana ndi mlangizi, anagula njinga,
anadandaula za anyani masamba atatu.

Ndiye, pakati pa zikwi zonsezo,
54.

Tsilizani anakanda m'mutu.
Pena talakwitsa, Madamu, mpeni wagwa kawiri.
Anatsegula xx24 kuti aone.

CHAKA 2002
Mvula inabwera. Tamuika Esinala Lachinayi.

Sanalakwitse.
Ndinautaipa ndekha mzere umenewo,
zala zinadutsapo usiku wina tulo tili m'maso,
ndinapitirira ku chaka chotsatira
monga mmene tonse tinachitira.
M'fayilo yaitali ija chinkabisala,
zaka zinzake zitachipanikiza uku ndi uku
ngati mwana wowonda m'minibasi yodzaza.
Panafunika chinthu chosatidziwa,
chosadziwa gaga, chosadziwa mizu ya nthochi,
kuti chichiike pasikelo pachokha.

Panja kondakitala ankakuwa, Lilongwe, Lilongwe, mmodzi yekha.
Tsilizani anabadwa chaka chotsatira.
Sanafunse kuti Esinala anali ndani,
ine sindinanene kuti tinkagona mphasa imodzi.
Anangoti, chapansipansi,
Fayilo yoyamba ija ikadali yathunthu, Madamu.
Mpeni uwu sukhudza mwini wake,
umangodula zokopera.

Tinatumiza xx03 ku Joni.
xx20 inapita kwa achemwali, ndi mbuzi zake zonse zaukwati
ndi ngongole ya mpunga imene bambo sanaiwale kulemba.
Zina zinatsala mufulashi, pamzere, zikudikira eni ake.

Cha makumi awiri ndi zinayi palibe anachipempha.
Ndinati, Ndisindikizire chimenecho.
Makina anatsokomola, analavula pepala lofunda,
mizere iwiri pamwamba, kunsi konse mbee.
Ndinatulutsa ndalama, iye anakankha dzanja langa.
Ndinalipinda kanayi, mbali yoyerayo kunja,
ndinakakwera kabaza.